Zaka zisanu zimene a Damiano anawonjezeredwa

Nkhani iyi ndi ya a Damiano Mulipa, mphunzitsi wa pulayimale amene ndakhala ndikuphunzira nawo pa senta ya yunivesite ku Nsaru. Ndinawapempha chilolezo ndisanayambe kulemba. Anavomera, kungoti anandiuza kuti ndisatchule dzina la sukulu yawo, la esiteti, ngakhale la parishi. Ndatsatira zimenezo. Sindinalembepo nkhani yoti anthu ambiri awerenge, choncho pamene sindikutsimikiza ndinena kuti sindikutsimikiza. Ine ndine Ursula. M'nkhaniyi ndilimo, ndipo mbali yanga si yokoma.

Senta yathu ndi zipinda ziwiri ndi khonde, kuseri kwa msika. Ophunzira ake timawerengera kunyumba, ndipo Loweruka ndi pamene timakumana. Amene tafika chaka chachitatu kapena chachinayi timasankhidwa kuti tizithandiza atsopano, ndipo amatitchula kuti matyuta. Chaka chatha tinalipo asanu ndi awiri. A Damiano ndiwo anali aakulu pa tonse. Ankathandiza masamu, ndipo anyamata ankawaitana kuti Madala, iwo n'kumayankha osadandaula. Ankabwera pa njinga yakapalasa, atamanga mwendo wa thalauza ndi kalamba kuti usalowe m'tcheni, ndipo nthawi zambiri ankaiwala kumasula mpaka phunziro litatha.

Makolo awo, a Adamson ndi a Eliza, anachokera kumwera, cha ku Phalombe, kudzakhala matenanti m'maesiteti a fodya kuno. Sanakhazikike malo amodzi. A Damiano amakumbukira maesiteti anayi, koma akuti mwina analipo ambiri. Pa esiteti yachitatu, chimanga cha pamwezi chinkaperekedwa potengera anthu ogwira ntchito m'banjamo, ndipo mwana sankawerengedwa. A Adamson atafika pamaso pa kapitawo anayang'ana mwana wawo, amene anali wamtali kuposa msinkhu wake, n'kunena kuti ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Kapitawo analemba chaka cha 1966. Tsiku sanafunse n'komwe, anangolemba 1 Januwale monga ankalembera aliyense wosadziwa tsiku lake.

Sukulu inali pa esiteti pomwepo, ndipo ahedi anali mlamu wake wa kapitawo uja. Sizikanatheka kunena zaka zina kumunda, zina kusukulu. Kuyambira pamenepo chaka chija chinawatsatira pa mayeso a Sitandade 8, ku sekondale, ku koleji ya uphunzitsi, mpaka pa chiphaso cha unzika. Iwo ankadziwa kuti zaka zinawonjezedwa, koma sankadziwa kuti zingati. Bambo awo anamwalira msanga. Mayi awo, akafunsidwa, ankangoti anabadwa kutatentha, anthu akuthirira nazale za fodya. Ali mnyamata sizinkawavuta. Anandiuzapo akuseka kuti ankakonda kulemekezedwa ndi anzawo amene kwenikweni anali akulu awo.

Zinayamba kuvuta mwezi wa Julayi chaka chatha, kalata itafika yowadziwitsa kuti pa 1 Januwale akwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi, ndipo apume pa ntchito. Ndiyenera kufotokoza chifukwa chake kalatayi inali yolemera kwa iwo kuposa mmene ikanakhalira kwa mphunzitsi wina. Mphunzitsi wina akapuma amabwerera kumudzi kwawo kukalima. A Damiano alibe mudzi. Ku Phalombe sanapiteko, ndipo kuno alibe ngakhale kamunda ka mizere khumi. Akazi awo, a Grace, nawonso ndi mwana wa matenanti. Nyumba imene ankakhalamo inali ya sukulu, mwana wawo womaliza anali Fomu 2, ndipo digiri imene anaivutikira zaka zitatu inali isanathe. Atapita ku ofesi ya maphunziro kukafotokoza, anawalandira bwino, koma anawauza kuti mawu apakamwa sangasinthe chaka. Pankafunika pepala limene linalembedwa nthawi imene anabadwayo.

Mayi awo anamwalira mu Seputembala, pa esiteti ina cha ku Kabudula kumene ankakhala ndi mwana wawo wamkazi, a Tabita. Mwambo wa maliro utatha, a Tabita akulongosola katundu wa malemu, anapeza kachitini kamene munali korona, mendulo ziwiri ndi buku la mapemphero lopanda chikuto. M'bukumo munali khadi la ubatizo, lopindidwa panayi. A Tabita sadziwa kuwerenga bwino, koma dzina la mlongo wawo analizindikira.

Loweruka la pa 11 Okutobala a Damiano anandiitana pakhonde phunziro lisanayambe. Anatulutsa khadilo m'kapepala ka pulasitiki ka shuga, n'kulitambasula pa bondo mosamala, chifukwa linali lofewa ngati nsalu. Linalembedwa ndi inki yobiriwira ngati mtambo, dzanja lopendekera. Ndinawerenga ndi maso angawa: Damiano, mwana wa Adamson ndi Eliza, wobadwa pa 18 Okutobala 1971. Ndinawerenga kawiri. Iwo anali atawerengetsera kale kuti zikatero ntchito yawo yatsala zaka zisanu ndi chimodzi, osati miyezi itatu. Anati abwera kudzalijambulitsa pa makina athu, koma tsikulo magetsi anali atazima kuyambira m'mawa. Anagwirizana nane kuti adzabwera nalo Loweruka lotsatira, ndipo Lolemba lake adzapita nalo mtauni, ku ofesi ya maphunziro ija.

Foni ndinali nayo m'chikwama. Ndikanatha kulijambula pompo. Sindinaganize, ndipo iwonso sanaganize. Chimene ine ndinaganiza chinali china.

Pa senta yathu tili ndi mwambo wokondwerera tsiku lobadwa la tyuta aliyense. Ntchito ya utyuta ilibe malipiro enieni, choncho tinagwirizana kuti bola tizikumbukirana. Pakhoma pali kalendala imene timalembapo masikuwo, ndipo woisamalira ndinali ine. Tsikulo likafika timagula mandasi ndi chakumwa chosungunula, timaimba, koma zisanachitike zonsezi mwini tsiku amathiridwa madzi, monga amachitira ophunzira kulikonse masiku ano. Amamudikira pakhonde osamuuza, n'kumukhuthulira ndowa. Wotsogolera zimenezi anali Frazer, tyuta wa Chingerezi, mnyamata wanthabwala amene sakhalitsa chete.

A Damiano anali asanathiridwepo. Pa 1 Januwale senta imakhala itatseka. Anzathu akamathiridwa iwo ankaima chapatali, akuwomba m'manja, ndipo kangapo ndinawamva akunena kuti iwo anabadwa tsiku la ulesi, adzamaliza digiri ali ouma ngati chikwatu cha fodya. Tinkaseka. Ine ndinkamva ngati m'nthabwalamo muli kachisoni. Mwina munalidi, mwina ndinangoganiza ndekha.

Choncho atangolowa m'kalasi, ndinapita pa kalendala, ndinaona kuti 18 Okutobala ndi Loweruka lotsatiralo, n'kulembapo dzina lawo ndi pensulo, tizilembo tating'ono kuti asaone. Ndinauza anzanga kuti tsiku lenileni la Madala lapezeka. Za khadi sindinanene, poti ndinaona kuti ndi nkhani yawo ya m'banja. Ireen, mnzathu wina, anakayikira. Anafunsa ngati n'koyenera kuthira madzi munthu wa msinkhu wa bambo athu, komanso wongotuluka kumene m'maliro. Frazer anayankha kuti pa senta palibe bambo, tonse ndife ana a sukulu, ndipo kuwasiya ouma ndiye kuwasala. Anandiyang'ana ine kuti ndigamule. Ndinati tiwathire, koma pang'ono.

Loweruka lija kunatentha kuyambira m'mawa. Magetsi analipo. Frazer anabwereka makheni awiri kwa munthu wina wothirira nazale kudambo, ati popeza Madala anabadwa nthawi ya nazale, athiriridwe ngati mbande. Ndowa inalinso pomwepo. Tinabisala m'chipinda chachiwiri, tikusuzumira pawindo.

Anafika nthawi itangopitirira 8 koloko. Anatsamiritsa njinga pa mtengo wa mkesha, anaima pang'ono, ndipo anamva makina ojambulira mapepala akulira mkati. Ndinawaona akumwetulira. Anatsegula chikwama, anatulutsa kapulasitiki ka shuga kaja, anachotsamo khadi kuti likhale lokonzeka, n'kuliika m'thumba la malaya pachifuwa. Zonsezi ndinaziona. Ndayesa kambirimbiri kukumbukira ngati ndinakuwa. Ireen akuti ndinatchula dzina la Frazer, koma ena onse anali atayamba kale kuimba, ndipo chitseko chinali chitatseguka.

Makheni awiri aja anawakhuthulira kumutu, ndowa inabwera chakutsogolo. Sanathawe, sanatchinge nkhope. Anagwira pachifuwa ndi manja onse awiri n'kuwerama, ndipo anyamata anayesa kuti ndi masewera, anapitiriza mpaka madzi atatha.

“Lero mwabadwa, Madala! Tikuoneni mukukula tsopano!” anatero Frazer.

A Damiano anaweramuka pang'onopang'ono. Analowetsa zala ziwiri m'thumba. Khadi linali litamatirira ku nsalu, ndipo pokoka linang'ambika motsatira mopindika muja. Anatulutsa zidutswa zitatu, chachinayi chinatsala ngati phala m'kona mwa thumba. Inki inali itayenderera, ina itadetsa malaya. Nyimbo inazima yokha, mmodzimmodzi.

Anayala zidutswazo pa khoma lalifupi la khonde, padzuwa. Dzina lawo linkaoneka, la mayi awo linkaoneka theka. Pamzere wa tsiku lobadwa, pamene panadutsa kupinda, panatsala 19 basi, kutsogolo kwake kuli banga.

Frazer anafunsa chapansipansi kuti ndi pepala lanji. A Damiano anapempha buku lililonse louma, anaikamo zidutswa zija pakati pa masamba, anakwera njinga ali chinyowere n'kumapita. Ana a chaka choyamba amene anabwerera masamu anakhala m'kalasi mpaka masana, popanda wowauza kuti abwerere. Mandasi tinapatsa mlonda.

Mlungu wotsatira ndinapita kusukulu kwawo. Ndinakonzekera mawu opepesa njira yonse, koma nditafika ndinalephera kuwanena, ndipo m'malo mwake ndinati parishi imene inapereka khadi iyenera kukhala ndi buku la ubatizo. Anati aganiza kale zimenezo, kungoti akudikira tsiku lopanda mayeso. Ndinapempha kuti ndiwaperekeze. Sananene kuti inde, sananenenso kuti ayi, anangotchula tsiku.

Parishiyo ili kumpoto kwa kuno. Tinakwera njinga zamoto ziwiri, fumbi lili tolo, ndipo tinafika dzuwa lili pamutu. Mlembi wa parishi, a Benedicto, ndi bambo wachikulire wovala magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi. Anatimvetsera mpaka kumapeto osatidula. Kenaka anatsegula kabati yachitsulo n'kutulutsa mabuku atatu aakulu, onunkha mankhwala othamangitsa njenjete. Anayamba ndi 1971, mzere ndi mzere, chala chikuyenda. Sitinapezemo kanthu. Kenaka anatembenuza tsamba la Febuluwale 1972 n'kuima.

Analipo. Damiano, mwana wa Adamson ndi Eliza, wobatizidwa pa 6 Febuluwale 1972, pa esiteti. Koma danga la tsiku lobadwa linali lopanda kanthu. Silinali lawo lokha. Anthu makumi atatu ndi mmodzi anabatizidwa tsiku limenelo pamalo amenewo, ndipo onse danga limenelo linali loyera. A Benedicto anafotokoza kuti nthawi imeneyo wansembe ankapita kumaesiteti kamodzi pakapita miyezi, n'kubatiza makanda, ana oyenda ndi akulu omwe tsiku limodzi. Makhadi ankalembera komweko n'kupereka, ndipo m'buku ankadzalowetsa atabwerera, kuchokera pa kapepala ka mayina. Matenanti ankasamukasamuka, sankayembekezeka kudzabweranso kudzafunsa.

Apa ndi pamene ndinalankhula kwambiri kuposa mmene ndinayenera. Ndinati ine ndinaliona khadilo lili lathunthu, ndine wokonzeka kulumbira pamaso pa wansembe, ndipo chimene tikupempha si bodza ayi, ndi choonadi chimene chinangosowa wochilemba. Ndinawapempha kuti polemba khadi latsopano aikepo tsikulo. Ndikuganiza kuti ndinalira.

A Benedicto anavula magalasi aja.

“Mwana wanga, sindikukutsutsa. Ndikukhulupirira kuti unaona. Koma ine ntchito yanga n'kukopera zimene zili m'buku. Ndikalemba lero zimene mulibe, mawa aliyense wonyamula khadi lochokera muno adzafunsidwa ngati lake ndi loona. Kodi ndiwalakwire onsewo?”

Ndinatembenukira kwa a Damiano kuti andithandize. Iwo sankatimvera n'komwe. Anali ataweramira bukulo, chala chili pansi pa mayina a makolo awo. Patapita kanthawi anafunsa a Benedicto ngati dzina la mumzere wotsatira, la amene anawaimira pa ubatizo, likuwerengeka. A Benedicto anawawerengera. Iwo anagwedeza mutu, nati amamukumbukira bambo ameneyo, ankasoka matumba a fodya ndipo anali ndi chala chimodzi chopindika. Atatero anapempha kuti awalembere zimene zilimo basi, osawonjezera.

Anapita nazo mtauni okha, khadi latsopano pamodzi ndi zidutswa zija. Zimene zinachitika kumeneko ndinamva kwa iwo eni. Mkulu amene anawalandira anayang'ana zonse mofatsa, anaitananso mnzake. Anati tsiku la ubatizo silisonyeza tsiku lobadwa, pakuti mwana wobadwa 1966 akanatha kubatizidwa 1972 ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo bukulo silinena kuti anali khanda. Zidutswazo anati sangazitumize kulikulu, poti chaka sichikuoneka. Ndinawafunsa a Damiano ngati khadi lathunthu likanalandiridwa. Anati anafunsa funso lomwelo, ndipo anayankhidwa kuti likanatumizidwa, ndipo ena zinawayenderapo, ena ayi. Ndalemba mmene ananenera. Sindikufuna kudzitonthoza ndi mawu oti ena ayi, komanso sindinganene motsimikiza kuti zikanatheka.

Ku senta anabwereranso patapita milungu itatu. Anaphunzitsa masamu ngati kale. Frazer anawapepesa pamaso pa tonse, atagwada, ndipo iwo anamudzutsa n'kumuuza kuti thalauza lida. Ine ankandipatsa moni, ndinkayankha, n'kuthera pomwepo. Sindinkadziwa ngati akudziwa kuti amene anauza anzathu za tsikulo ndi ine, ngakhale kuti panalibenso wina amene akanatero.

Anapuma pa ntchito pa 1 Januwale. Ahedi anawalola kukhala m'nyumba ya sukulu mpaka kutha kwa mweziwo, chifukwa mphunzitsi wolowa m'malo mwawo anali akubwera ndi banja. Anapeza zipinda ziwiri za lendi kuseri kwa chigayo ku Nsaru. Tsiku losamuka tinapita matyuta anayi kukathandiza. Mvula inali itagwa usiku wake, ndipo ngolo inavutika kufika pakhomo chifukwa cha matope. A Grace anali atamanga kale ziwiya m'zitenje. Chimanga chimene anadzala kuseri kwa nyumba chinali chitafika m'chiuno, ndipo anagwirizana ndi ahedi kuti chikacha adzagawana ndi wobwerayo.

Ndinawapeza okha m'chipinda, akumanga mabuku ndi chingwe cha khonje. Ndinaima pakhomo, ndipo ulendo uno mawu anatuluka. Ndinati ndine ndinalemba tsiku lija pa kalendala, ndine ndinauza anzanga, ndiponso ndine ndinagamula kuti athiridwe pamene Ireen ankaletsa. Ndinati ndinaona akuika khadi m'thumba.

Anamaliza kaye kumanga mfundo.

“Ndikudziwa, Ursula. Ndinadziwa tsiku lomwelo.”

“Ndiye bwanji simunandikalipire, aphunzitsi?”

“Ndinakukalipira kwambiri, kungoti sunamve. Ndinkakukalipira pa njinga, popita ndi pobwera, mpaka Khirisimasi. Ndikatopa nawe ndinkayamba bambo anga. Ndikatopa nawo ndinkadziyamba ndekha, poti pulasitiki ndinachotsa ndi manja angawa.” Anayamba kumanga mtolo wina. “Sindinganene kuti zatha, mwana wanga. Ndikanama. Koma iwe ndiwe wekha, kupatula ine, amene unawerenga tsikulo lili lolembedwa. Tabita anangoona dzina. Ndiye sindingakutaye, eti?”

Anandilozera mtolo wa mabuku kuti ndinyamule, nati ndigwire pansi chifukwa chingwe n'chakale.

Titamaliza kukweza, anabwerera m'nyumba okha. Anatseka mawindo onse, anasesa pabalaza ngakhale a Grace anali atasesa kale, n'kukhoma chitseko. Anakhalamo zaka khumi ndi zinayi. Anadutsa pabwalo la sukulu kupita ku ofesi, ana a Sitandade 7 akuwasuzumira m'mawindo, ndipo anapereka makiyi kwa ahedi ndi manja awiri. Ngolo inali itanyamuka kale. Iwo anaitsatira pambuyo akukankha njinga, poti matope sanalole kupalasa.

Panopa akuphunzitsa masamu masiku atatu pa mlungu pa sukulu ina yoima payokha, ndipo a Grace akugulitsa tomato pamsika. Mayeso awo omaliza a digiri ali mu Juni. Ndinawafunsa Loweruka lapitali kuti akadzalandira adzaigwiritsa ntchito kuti. Anati sakudziwa, koma alemba.